Chaka cha Chisanu ndi Chiwiri cha Bambo Aldemiro Rabelo

Malemu Bambo Aldemiro Caixeta Rabelo anabadwa pa 9 Malichi 1950 kuno ku Barra do Jequi, m'nyumba yomwe ino, m'chipinda chakumanzere chimene lero mwaunjikamo zipewa ndi maambulera anu. Anali mwana wachiwiri mwa ana asanu a malemu Bambo Juvenal Rabelo, oyendetsa ngolo ya ng'ombe, ndi malemu Mayi Benvinda. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Leonídia, mlongo wawo wotsiriza kubadwa. Abale anandisankha poti ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, akuti mawu anga amafika kumpanda. Lero ndikufuna afikedi kumpanda, chifukwa ena amene ayenera kumva mbiriyi aima kunja kwa geti atavala malaya awo ofiira, ndipo sanalowe. Ansembe athu, alamu anga Mayi Zulmira, abale ndi anansi nonse, ndibwerekeni makutu. Ndinapemphedwa kuti ndilembe zofatsa. Ndinayesa kawiri konse dzulo masana, ndipo mapepala onse awiri ndinang'amba.

Mu Novembala 1957, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, malemu anadwala nthenda yapakhosi imene inatenga ana asanu ndi mmodzi m'dera lino chaka chimenecho. Khosi linatupa, mpweya unkatuluka ngati muluzu, ndipo dokotala anali ulendo wa masiku awiri pa ngolo. Mayi athu anawinda kwa Mafumu Atatu aja anakaona Yesu ali khanda, kuti mwanayu akachira, akadzakula adzayenda zaka zisanu ndi ziwiri ndi Folia, gulu lathu la oimba limene limayenda khomo ndi khomo pambuyo pa mbendera ya Mafumuwo kuyambira pa Khirisimasi mpaka pa 6 Januwale. Mwana anachira. Mbendera italowa m'nyumba muno Khirisimasi imeneyo, mayi anamangapo riboni ya buluu. Mwambo wake mukuudziwa nonse: riboni ya chowinda imakhala pa mbendera mpaka zaka zonse zitakwana, kenaka amaimasula n'kuipereka kwa mwiniwake, ndipo tsiku lake likafika amapita nayo kumanda. Munthu akamwalira riboni yake ikadali pa mbendera, kuno timati wapita ndi katundu pamutu. Musaiwale riboni imeneyi, chifukwa mbiri yonse ya achimwene anga yamangidwa pamenepo.

Mu 1958 malemu anayamba sukulu pa sukulu yathu yapamtunda, ndipo anakhala desiki imodzi ndi Bambo Lindolfo Fagundes, amene lero ndi kapitawo wa Folia. Masamu ankawakhoza, kalembedwe kawo kanali kochititsa manyazi mpaka ukalamba. Madzulo ankaphunzira kwa bambo athu kuimba viola, gitala yathu ya nsambo khumi. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anatsegula wailesi ya amalume athu kuti aone mmene mawu amayendera, ndipo anakwapulidwa bwino ndithu. Patapita masiku atatu anaibwezera zonse m'malo mwake, wailesi n'kumagwira nyumba zoulutsira mawu zimene kale sinkagwira. Amalume sanapepese, koma anayamba kubweretsa mawailesi a anzawo.

Mu Disembala 1967 malemu analowa mu Folia kuti ayambe kukwaniritsa chowinda cha mayi. Kapitawo nthawi imeneyo anali malemu Bambo Gumercindo Fagundes, bambo awo a Bambo Lindolfo. Sindinabwere kudzanyoza akufa. Bambo Gumercindo anali katswiri amene dera lino silidzaonanso, ndipo anali okhawo amene ankadziwa yonse nyimbo yotsanzikira, ija yoimbidwa m'mawu asanu ndi awiri osiyana, kuyambira otsika mpaka okwera, imene Folia imaimba ikamatuluka pakhomo. Ndi iwowo amene anazindikira kuti mwana amene anatsala pang'ono kufa ndi khosi ali ndi khosi loposa onse. Anawapatsa mawu achisanu ndi chiwiri, okwera kuposa ena onse, aja amatsala okha m'mwamba anzawo onse atatha mpweya. Amene munali moyo nthawi imeneyo mukukumbukira kuti Aldemiro akaimba mawu amenewo kwa a Quirino kutsidya kwa mtsinje, ife tinkamva tili pakhonde pano, ndipo mayi ankasiya zimene akuchita n'kulira.

Mu 1970 malemu anapita ku Belo Horizonte kukaphunzira ntchito ya magetsi. Disembala iliyonse ankabwera kudzayenda ndi mbendera, ndipo kawiri konse anasiya ntchito chifukwa mabwana anawakaniza tchuthi. Ndikunena izi kuti amene amati mzinda unawaiwalitsa za kwawo amve. Kumzindako anakumana ndi Bambo Wanderlei, oimba ng'oma, Bambo Tibúrcio, oimba limba ndi chitoliro, ndi malemu Bambo Nivaldo, oimba gitala ya besi. Mu 1971 anayiwa anayambitsa bandi imene anaitcha Tapiocanga, dzina la mwala wofiira uja wa m'minda mwathu umene umathyola makasu. Ankaimba roko, koma osati ya mphindi zitatu yovinira. Nyimbo zawo zinali zazitali, zoyamba mwakachetechete ndi chitoliro, kenaka n'kusintha kagundidwe kasanu, limba likubangula, ng'oma zikuthamanga, ndipo pakati pa zonsezo munkamva kulira kwa ngolo ya bambo athu, nyimbo za amayi ochapa kumtsinje, ndi viola. Viola imeneyo inali ya bambo, ndipo malemu anaiboola ndi manja awo n'kuikamo waya kuti izilankhula pa zokuzira mawu. Bambo ataona bowolo anakhala mwezi osawayankhula. Atamva mmene ikulirira anangoti, "Bola wabowola mowongoka."

Anthu akumzinda ankawaseka kuti ndi alimi onunkha ng'ombe amene abwereka magitala. Anthu akuno ankati ndi anyamata a tsitsi ngati akazi amene abweretsa phokoso la ziwanda. Malemu ankanena kuti ngati mbali zonse ziwiri zikuwathamangitsa ndiye kuti aima pakati penipeni, pamene ankafuna.

Pa 15 Seputembala 1973 Tapiocanga inaimba koyamba kuno kwawo, pamwamba pa lole, pa chionetsero cha ng'ombe. Dzuwa lili pamutu, anthu akudya chimanga chootcha ndi kumwa kachasu, bandi inatseka ndi nyimbo yotsanzikira ya Folia. Anaiimba yonse, monga malemu anaitolera ndi khutu m'zaka zawo za mu Folia, mawu onse asanu ndi awiri, ena pa limba, ena pa gitala, ena pakamwa, ndipo achisanu ndi chiwiri anaimba malemu eni ake. Ine ndinalipo, ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinaona amuna akuluakulu akuvula zipewa osadziwa kuti avula. Ndinaonanso Bambo Gumercindo akutembenuka n'kumapita, osayang'ana m'mbuyo. Mlandu wake unali uwu, ndipo ndiunena monga unalili: nyimbo ya Mafumu siimbidwa kunja kwa masiku ake khumi ndi awiri, ndipo siimbidwa popanda mbendera. Achimwene anga anaiimba mu Seputembala, pa lole, pafupi ndi khola la nkhunzi.

Nditawafunsa chifukwa chake anachita zimenezo pamene ankadziwa lamulo, anandiyankha kuti, "Leonídia, tawerenga anyamata amene tinayamba nawo mu Folia. Tinali khumi ndi anayi, tatsala asanu, ena onse ali kumzinda akumanga nyumba za anthu. Nyimbo yoimbidwa masiku khumi ndi awiri okha pa chaka, miyezi inayo imadya chiyani?"

Pa 25 Disembala 1973, tsiku loyamba la chaka chawo chachisanu ndi chiwiri, malemu anavala malaya ofiira a Folia, ananyamula viola, napita kumene gulu linasonkhana. Bambo Gumercindo anawaimika pachipata pamaso pa anthu onse. Anawapatsa mfundo zitatu: agwade pamaso pa mbendera, azule waya mu viola, ndipo anene ndi pakamwa pawo kuti anachimwira Mafumu. Malemu anagwada pomwepo m'matope. Kenaka anati, "Kugwada ndagwada, a kapitawo, mbenderayi ndi yanganso. Waya nditha kuzula lero lomwe, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Koma kuti ndinene kuti ndinachimwa, ndiye kuti ndiwanamize Mafumu ali pomwepa akundiyang'ana. Zimenezo ayi." Kapitawo anagamula kuti Aldemiro sadzayendanso ndi Folia, ndipo mbendera sidzalowanso m'nyumba iliyonse imene iwo amagonamo. Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitatheka, chinatsala chimodzi chokha.

Mu 1975 Tapiocanga inajambula chimbale chake choyamba. Kampani ina inawauza kuti adule nyimbo yotsanzikira ikhale mphindi zitatu kuti iziimbidwa pa wailesi. Iwo anakana, ndipo anakajambula okha m'chipinda chobwereka, chimene anawapatsa masana amodzi okha. Nyimboyo inatenga mbali yonse ya chimbale, mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndime yachitatu itangotha, Bambo Wanderlei anagwetsa ndodo ya ng'oma, ndipo pamene ankaitola onse anangoti zii kwa kanthawi kokwana kuwerenga mpaka folo. Nthawi yobwereza panalibe, choncho mpatawo unatsala momwemo pa chimbale. Bambo Wanderlei, musaweramitse mutu, ndodo yanu ija tibwereranso. Wailesi sinaimbe nyimboyo ngakhale kamodzi. Zimbale zambiri zinakhala zaka pansi pa bedi la mayi, ndipo zina tinkavundikirira mitsuko ya mkaka. Bandi inajambulanso zimbale ziwiri, mu 1979 ndi mu 1992, ndipo siinathe mpaka lero. Masiku ano kumabwera makalata ochokera ku Japan ndi ku Italy ofunsa za chimbale choyambacho. Malemu ankawayankha onse, ndi kalembedwe kawo koipa kaja.

Pa 22 Epulo 1978 malemu anamanga ukwati woyera ndi Mayi Zulmira Tolentino, namwino wa ku Patos. Abale a mkazi anachenjeza mwana wawo kuti akulowa m'nyumba imene mbendera siilowamo. Alamu anga anawauza kuti akukwatiwa ndi mwamuna, za mbendera adzaona akafika. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, Jandira, Otávio ndi Benvinda wamng'ono. Mu 1981, bambo athu atamwalira, malemu anabwerera kuno kudzasamala mayi, natsegula kanyumba kokonzera mawailesi, mapampu a madzi ndi makina okamira mkaka. Palibe famu m'dera lino imene Aldemiro sanakwerepo pamtengo wa magetsi mvula ikugwa. Amene ankatseka mawindo bandi ikamayeserera Loweruka ndi omwewo ankabwera Lolemba m'mawa atanyamula pampu yakufa, ndipo palibe amene anabwezedwa.

Tsopano ndinene chimene chimandiwawa kwambiri, ndipo chindiwawa mpaka nanenso ndidzagone m'bokosi. Malemu atabwerera m'nyumba muno, mbendera inasiya kulowa muno. Anthu anawauza mayi kuti mwanayo angogona kwina masiku khumi ndi awiriwo, nkhani ithe. Malemu nawo anavomera kutero. Mayi ndi amene anakana. Anati mwana amene Mafumu anawabwezera sangamutulutse m'nyumba kuti Mafumu omwewo alowe. Chaka chilichonse pa 2 Januwale, tsiku limene Folia imadutsa msewu uno, mayi ankadzuka m'mamawa kuphika nkhuku ya therere, mpunga, nyemba ndi buledi wa tchizi zokwanira amuna makumi awiri. Ankayala nsalu yoyera patebulo, ankatsegula geti, n'kuima pakhonde atavala diresi lawo la kutchalitchi. Gulu linkafika pa geti, ng'oma n'kuleka, n'kudutsa mwakachetechete mitu ili pansi, kukayambiranso kuimba pakhomo lotsatira. Mayi ankaona riboni yawo ya buluu ikudutsa. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi zitatu, mpaka anamwalira mu Ogasiti 1989. Alamu anga anapitiriza kuphika ndi kutsegula geti kuyambira pamenepo mpaka chaka chino. Ndipo Disembala iliyonse imene mbendera inkatuluka malemu ankavala malaya awo ofiira kupita kukapempha chaka chawo chotsala, ankapatsidwa mfundo zitatu zomwe zija, ankavomera ziwiri, n'kubwerera.

Mu 1996 Bambo Gumercindo anadwala sitiroko ndipo anamwalira asanaphunzitse munthu aliyense nyimbo yotsanzikira yonse. Aliyense ankadziwa kachigawo kake, ndipo ambiri mwa iwo anali atamwalira kapena kusamuka. Folia inazilala, ndipo kuyambira 1997 mpaka 2003 mbendera siinatuluke n'komwe. Mu Okutobala 2004 Bambo Lindolfo anabwera kunyumba kwanga masana, anakhala, anamwa khofi, anakamba za mvula ndi mtengo wa mchere wa ng'ombe. Potsanzika anati, "Aphunzitsi, kodi chimbale chija cha achimwene anu muli nacho? Mwana wanga akufuna angomvako." Ndinawapatsa. Anandipempha kuti ndisawauze achimwene anga, ndipo ndinalonjeza kuti sindidzawauza masiku onse a moyo wawo. Lonjezolo ndinasunga zaka khumi ndi zitatu, ndipo linatha dzulo m'mawa.

Kuwauza kunalibenso ntchito. Pa 2 Januwale 2005 Folia yatsopano inadutsa pano, inatipitirira monga mwa nthawi zonse, n'kukaimba kwa a Teodoro pafupi apa. Malemu anali pakhonde akumvetsera. Gulu linaimba nyimbo yotsanzikira yonse, mawu onse asanu ndi awiri, koyamba m'zaka zambiri. Ndime yachitatu itatha, onse anangoti zii, mitu pansi, kwa kanthawi kokwana kuwerenga mpaka folo, kenaka n'kupitiriza. Achimwene anga anaseka mpaka misozi, mpaka anakhala pansi pasimenti. Titafufuza tinamva kuti anyamata a mu Folia amaphunzitsidwa kuti mpata umenewo ndi mwambo wa makolo, nthawi yokumbukira oimba amene anatisiya. Bambo Wanderlei, ndodo yanu inasanduka mwambo wa makolo. Ine ndinakwiya, ndinafuna kupita komweko kukaulula zonse. Malemu anandigwira dzanja. "Asiye, mlongo wanga. Mpata umenewo aupezera ntchito yabwino kuposa ife."

Mtima umenewo unali wawo. Ine ndilibe, ndipo sindinamizira kuti ndili nawo. Ndikufunsa inu muli kugetiko, poti mukundimva: munthu amene munati anaipitsa nyimbo ya Mafumu, nyimbo imene mukuimba lero munaitenga kuti? Kampata kanu kopatulikako munakatenga kwa yani? Zaka khumi ndi zitatu mwakhala mukuimba ndi mpweya wa Aldemiro Rabelo, mukudutsa pakhomo pake osalowa.

Mu Juni 2017 malemu anayamba kutsokomola ndi kuonda. Atapita kuchipatala kumzinda anawapeza ndi khansa ya m'mapapo, itafalikira kale. Analandira mankhwala miyezi inayi, ndipo mu Novembala anapempha kuti abwerere kwawo. Mawu aja ankamveka kutsidya kwa mtsinje anali atatha, ankalankhula monong'ona. Pa 24 Disembala anavala malaya ofiira, amene tsopano ankangolendewera m'thupi, ndipo Otávio anawatengera pagalimoto kwa Bambo Lindolfo. Bambo Lindolfo analira, sindibisa. Koma anati mawu a bambo awo sangawasinthe, ndipo gulu silingavomere pokhapokha mfundo yachitatu ija itanenedwa. Malemu anawagwira paphewa nati, "Lindolfo, mpweya umene wanditsalira ndi wochepa, sindiuononga ndi bodza."

Pa 26 Disembala malemu anayamba okha chaka chawo chachisanu ndi chiwiri. Ankayenda tsiku limodzi pambuyo pa mbendera, njira yomweyo, makomo omwewo. Ankayenda wapansi, chifukwa chowinda cha mayi chinati kuyenda. Alamu anga ankanyamula mpando wopinda ndi botolo la madzi, iwo atanyamula viola ya bambo ija, waya wake uli momwemo. Ankayenda mapazi makumi asanu n'kukhala, makumi asanu n'kukhala. Akafika pageti ankavula chipewa n'kuimba viola, milomo ikuyenda popanda mawu, n'kudikira. Makomo a njira ya Folia alipo makumi anayi ndi awiri. Amene anatsegula anali makumi atatu ndi limodzi. Alamu anga analemba maina onse, ndipo pepala lili nane pano, koma sindiwerenga, chifukwa ena mwa makomo amenewo ndi a amuna amene aima kugetiko, ndipo akazi awo ndi amene anatsegula. Pamakomo khumi ndi limodzi otsalawo malemu anaimba nyimbo yonse ali panja, n'kuthokoza geti lotseka, n'kupitirira. Tsiku lachisanu ndi chinayi anakomoka panjira ya kwa a Quirino, ndipo adokotala anati akapitiriza adzafera pamsewu. Malemu anati pamsewu ndi pabedi kusiyana kwake n'kochepa, ndipo m'mawa mwake anadzuka. Pa 7 Januwale masana, makomo onsewo atatha, anafika pakhomo limene anasungira kumapeto, limene ndi lino. Geti linali lotsegula, patebulo panali nsalu yoyera. Anaimba pakhonde pamene mayi ankaima, napereka viola kwa Jandira, nalowa kukagona. Sanatulukenso panja.

Bambo Aldemiro Caixeta Rabelo anatisiya dzulo Lachiwiri, pa 20 Febuluwale 2018, nthawi ya 6 koloko m'mawa, ali m'manja mwa akazi awo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri.

Dzulo masana banja linatumiza uthenga kwa akuluakulu a Folia kupempha riboni ya buluu kuti ilowe m'bokosi. Anakhala pansi maola atatu, ndipo yankho linabwera lakuti chaka choyenda popanda mbendera sichiwerengedwa, choncho riboni ikhalabe pamene ili. Ndiye kuti malinga ndi iwo, achimwene anga, amene anayenda njira yonse ndi mapapo otha, apita ndi katundu pamutu. Ife a banja la Rabelo yankho limenelo talikana. Mayi athu sanawinde kwa gulu la amuna, anawinda kwa Mafumu, ndipo Mafumu anali ndi maso kuyambira pa 26 Disembala mpaka pa 7 Januwale.

Koma sitinasonkhane pano kuti tipemphenso. Tapempha zaka makumi anayi ndi zinayi, zakwana. Ndikungokudziwitsani zimene zachitika. Amuna amanyamula mbendera masiku khumi ndi awiri, koma masiku ena onse a chaka imasungidwa, kuchapidwa ndi kusokedwa ndi mayi mmodzi. Kuyambira 1955 mayi ameneyo ndi Mayi Iracema Fagundes, akazi a malemu Bambo Gumercindo, mayi awo a Bambo Lindolfo. Ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi kudza chimodzi, ndipo akhala apa pafupi ndi alamu anga. Lero m'mawa anafika pakhomo pano wapansi ndi ndodo yawo, anatulutsa kathumba m'chikwama, naika patebulo riboni yotuwa, yosokedwasokedwa, imene buluu wake anatsala m'mphepete mokha. Anati, "Riboni iyi ikanagwa yokha kalekale. Ndine ndakhala ndikuisokerera chaka ndi chaka, kudikira kuti amunawa apeze nzeru. Ndinasoka ndine, ndasosola ndine. Amene ali ndi mlandu abwere kwa ine, ndinawabereka ndine." Riboni ili m'dzanja lamanja la malemu. Amene akufuna kutsimikiza adzaona pamene tikutsanzikana ndi thupi.

Bokosi lisanatuluke, Tapiocanga iimba nyimbo yotsanzikira pakhonde, yonse, mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndi magetsi ake, mu Febuluwale. Ansembe athu avomera, ndipo amene ali ndi changu atha kutsogola kumanda. Jandira aimba viola ya agogo awo. Ndime yachitatu ikatha Bambo Wanderlei aimitsa ng'oma, ulendo uno mwadala, ndipo tonse tiweramitsa mitu, poti mwambo umenewo ife taulandira kwa inu ndi manja awiri. Koma mawu achisanu ndi chiwiri bandi ilibe, mwini wake wagona apa. Bambo Tibúrcio anati atha kuwaimba pa chitoliro, ndipo alamu anga akana. Malo amenewo atsala opanda kanthu. Kunja kwa getiko kuli anthu amene amawadziwa mawuwo bwinobwino, ndipo tonse tikudziwa amene anawaphunzitsa.

Malemu asiya akazi awo Mayi Zulmira, ana atatu, Jandira, Otávio ndi Benvinda, adzukulu asanu, ndi ife alongo awo awiri, Mayi Carmelita ndi ine. Asiyanso anzawo awiri amene anakhala nawo mu bandi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, amene kwa ife ndi abale.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, ansembe athu amene ankabwera ndi Ukalistia Lachisanu lililonse, Bambo Teodoro amene galimoto yawo inasanduka yathu miyezi isanu ndi itatu, amayi amene aphika kuyambira dzulo, ndi amuna amene akonza manda m'mvula. Ndikuthokoza makomo makumi atatu ndi limodzi aja. Mayi Iracema, mawu okuthokozerani ndilibe, mayi athu adzakuthokozani okha. Makomo khumi ndi limodzi otsala aja, malemu anakuthokozani kale, ndipo ine sindionjezerapo.

Bambo Lindolfo, munakhala nawo desiki imodzi. Geti ndi lotsegula, ndipo patebulo pali chakudya cha amuna makumi awiri.

Achimwene, zaka zisanu ndi ziwiri zakwana. Tulani katundu, kawauzeni mayi kuti riboni yawo yafika kunyumba. Mzimu wanu uuse mumtendere.